Anamwino ndi ofufuza za umoyo Kum'mawa: nchito yaoneka, koma atsala ndani?

MAYI wapakati wocokera ku Mchini, ku Nabvutika kapena ku Magazine akafika pa kiliniki ya Kapata m'mamawa, munthu woyamba kumulandira amakhala namwino kapena mzamba. Iyeyu ndiye amamupima kuthamanga kwa magazi, kumukweza pa sikelo, kumvetsera mtima wa mwana ndi kulemba zonse pa khadi. Akaona kanthu kokayikitsa, ndiyenso amalamula kuti mayiyo apite msanga ku cipatala cacikulu ca Chipata Central. Dokotala amadzaonekera pambuyo, ndipo amayi ambiri amabereka ndi kubwerera kwao osamuona konse.

Ambiri mwa amayi amene amakhala pa mzera umenewu sadziwa kuti kuyambira m'zaka za m'ma 1990 cigawo ca Kum'mawa cakhala ngati sukulu yaikulu ya anthu ofufuza za umoyo. Ku Nyanje, ku Nyimba, ku Lundazi, ku Katete ndi ku Petauke kwacitika nchito zofufuza zimene zotsatira zace zasindikizidwa m'mabuku a madokotala a ku Ulaya ndi ku America. Anamwino ndi azamba a kuno ndiwo anali manja ndi miyendo ya nchitozo, ndipo ena anapezerapo maphunziro apamwamba.

Koma nchito zotere zimabwera ndi ndalama za zaka zowerengeka. Ndalama zikatha, magalimoto amacoka, akatswiri amabwerera kwao, ndipo namwino amene anaphunzitsidwa bwino nthawi zina amasamutsidwa kapena kupeza nchito kwina. Kwa banja la m'komboni nkhani yaikulu ili pamenepa, pakuti phindu la kafukufuku limafika kwa wodwala pokhapokha ngati pa kiliniki patsala munthu wolidziwa.

Kumene anamwino amacokera

Maphunziro a unamwino m'cigawo cino anayambira ku mishoni. Cipatala ca Mwami, ca mpingo wa Seventh-day Adventist, cinatsegulidwa mu 1927 pafupi ndi malire a Malawi, ndipo cinayamba kuchuka ndi nchito yosamalira odwala khate. Ku Katete, wansembe wa mpingo wa Anglican, a Francis Trefusis, anayambitsa cipatala ca St Francis mu 1948, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anali atayamba kale kuphunzitsa atsikana nchito ya unamwino. Pambuyo pace mpingo wa Katolika unagwirizana ndi wa Anglican pa kuyendetsa cipatalaco. Zipatala ziwirizi, pamodzi ndi sukulu ya boma ya anamwino ndi azamba ya ku Chipata, zaphunzitsa mibadwo ya anamwino amene afalikira m'dziko lonse.

Pa nthawi ya atsamunda, mtsikana wa Cifirika wofuna kukhala namwino wa satifiketi yapamwamba anayenera kupita kunja kwa dziko. Mai Kapelwa Sikota a ku Mongu anakaphunzira ku cipatala ca McCord ku Durban, nabwerako mu 1952 ali namwino woyamba wa mtundu umenewu wobadwira m'dziko lino. Iwowa anathandizanso kukonza lamulo la 1970 limene linakhazikitsa bungwe loyang'anira anamwino, lija linali kuchedwa General Nursing Council. Lamulo la 2019 linasintha dzina la bungweli kukhala Nursing and Midwifery Council of Zambia, ndipo palibe munthu amaloledwa kugwira nchito ya unamwino popanda kulembedwa m'kaundula wace. Makolo amene akufuna kulipirira mwana maphunziro amenewa, makamaka pa masukulu a anthu wamba amene aculuka, acita bwino kuyamba afunsa ngati sukuluyo ndi yobvomerezedwa ndi bungweli asanagulitse ng'ombe kapena kutenga ngongole.

Cipatala ca St Francis cimaonetsa bwino cimene munthu mmodzi wokhalitsa angacite. Dr James Cairns anafika ku Katete mu 1958, ndipo anatsogolera cipatalaco mpaka mu 1996. Zaka 38 pa malo amodzi! Ana amene anabadwira m'manja mwao anadzabweranso kudzaberekera pomwepo. Masiku ano kukhalitsa kotere n'kosowa, ndipo madokotala ambiri ocokera kunja amakhala miyezi yowerengeka kapena zaka ziwiri basi. Mmodzi wa alendo otere, Dr Sandy Logie a ku Scotland, anatenga kacirombo ka HIV atadzibaya ndi singano akugwira nchito pa cipatalaci mu 1993, ndipo anamwalira mu 2001. Kiliniki ya anthu a kacirombo ka HIV pa St Francis inachedwa dzina lao. Ngozi imene inawagwera ndi yomweyo imene namwino aliyense amayang'anizana nayo tsiku ndi tsiku.

Nyumba za cidikiro

Nchito yofufuza imene yakhudza kwambiri anamwino ndi azamba ndi ya imfa za amayi pa ubereki. Kalembera wa boma wa za umoyo wa 2007 anaonetsa kuti pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, amayi 591 anali kumwalira pa zifukwa za pakati. Wa 2013 mpaka 2014 anapeza 398, ndipo wa 2018 anapeza 278. Kutsika kumeneku kuli ndi zifukwa zambiri, koma cimodzi cacikulu n'cakuti amayi oculuka anayamba kuberekera ku cipatala.

Akatswiri amati mayi amafa cifukwa ca kucedwa kutatu. Kucedwa koyamba n'kwa panyumba, pamene banja likali kukambirana ngati apite ku cipatala, kapena likudikira bambo amene ali ku dimba kapena apongozi kuti abvomereze. Kwaciwiri n'kwa panjira: mtunda wautali, mtsinje wodzaza, ngolo ya ng'ombe imene ikuyenda pang'ono-pang'ono usiku. Kwacitatu n'kwa pa cipatala penipeni, pamene mayi wafika koma palibe mzamba, palibe magazi, kapena palibe galimoto yomupititsa kumene angamucite opareshoni. Mayi amene akutaya magazi atabereka akhoza kumwalira m'maola awiri okha.

Mankhwala a kucedwa kwa panjira ndi akale ndithu. Mayi amacoka kumudzi kukali masabata awiri kapena atatu, n'kukakhala m'nyumba ya cidikiro pafupi ndi cipatala mpaka tsiku lace litakwana. Cipatala ca Nyanje, ca mpingo wa Reformed Church in Zambia, cinali nayo kale nyumba yotere, ndipo ofufuza anawerengera amayi amene anaberekera kumeneko mu 1994. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2003. Anapeza kuti amayi a m'cidikiro anali aja amene mimba zao zinali ndi ziopsezo zambiri, komabe iwo ndi ana ao anaturuka bwino mofanana ndi anzao opanda ziopsezo zoterozo.

Bvuto linali lakuti nyumba zambiri za cidikiro m'zigawo zakumidzi zinali zomvetsa cisoni: denga lodontha, citseko copanda loko, kugona pansi pa mphasa, cimbudzi kutali. Mayi wanzeru zace anali kuona kuti bola kudikira kwao.

Mu Juni 2012 kunayamba nchito yaikulu yochedwa Saving Mothers, Giving Life, mothandizidwa ndi boma la America, la Norway ndi mabungwe ena. M'dziko lino inayambira m'maboma anai, ndipo awiri mwa iwo, Lundazi ndi Nyimba, ndi a Kum'mawa. Enawo ndi Mansa ndi Kalomo. Azamba anaphunzitsidwa kuthana ndi kutaya magazi ndi kudzutsa khanda lobadwa losapuma. Ena amene anali atapuma kale pa nchito anaitanidwanso. Kunabwera maambulansi ndi zipangizo, ndipo m'midzi munaphunzitsidwa anthu odzipereka, aja amadziwika kuti a SMAG, kuti aziyendera amayi apakati ndi kukambirana ndi amuna ao ndiponso mafumu. Cinthu cina catsopano cinali kuwerenga: imfa iriyonse ya mayi, ya kumudzi kapena ya ku cipatala, inayenera kulembedwa ndi kufufuzidwa cimene cinaicititsa.

Kuwerengako ndiko kunapereka umboni. Pakati pa 2012 ndi 2016, m'maboma a nchitoyi imfa za amayi zinatsika kucoka pa 480 kufika pa 284 pa ana 100,000 obadwa amoyo. Amayi oberekera ku cipatala anakwera kucoka pa 63 kufika pa 90 mwa 100 alionse. Kumbuyo kwa manambala amenewa kuli ana amene lero ali ku sukulu ndipo amai ao akali moyo.

Ngakhale zinali tero, ofufuza a ku yunivesite ya Columbia ku America amene anapemphedwa kuyesa nchitoyi anacenjeza kale mu 2014. Anabvomereza kuti zipatala zinalimbikitsidwa, koma anati panalibe dongosolo lomveka la mmene zinthu zidzapitirire ndalama za alendo zikadzatha. Ndani adzalipira mzamba wolembedwa pa kontrakiti? Ndani adzagula mafuta ndi matayala a ambulansi? Nchitoyi inatha patapita zaka zisanu, ndipo mafunso amenewa anatsalira maofesi a za umoyo a m'maboma.

Potsatira nchitoyi, kuyambira mu 2015 mpaka 2018, kunacitika kafukufuku wa nyumba za cidikiro zokha. Mmodzi wa atsogoleri ace anali namwino ndi mzamba, Profesa Jody Lori a ku sukulu ya unamwino ya yunivesite ya Michigan, amene anagwira nchito ndi bungwe la Africare ku Lundazi, Mansa ndi Chembe. Gulu lina, la yunivesite ya Boston ndi bungwe la Right to Care, linali ku Nyimba ndi ku maboma atatu a Kum'mwera. Asanamange kanthu, anayamba afunsa amayi, amuna ao, mafumu ndi anamwino kuti nyumba yabwino ya cidikiro iyenera kukhala yotani. Mayankho anali osabvuta kumva: mabedi ndi matiresi, maneti a udzudzu, zitseko zokhoma, nyali, madzi, cimbudzi, bafa ndi malo ophikira. Anafunanso kuti mzamba aziwayendera kawiri-kawiri, ndi kuti pakhale komiti ya anthu a m'mudzi yoyang'anira nyumbayo.

Anakonza nyumba 20 zotere pa makiliniki 20, nayerekeza ndi makiliniki ena 20 amene anatsala monga analiri. Kenaka anayenda khomo ndi khomo m'midzi ya pa mtunda wa makilomita 10 kapena kuposerapo kucokera ku kiliniki, kufunsa amayi amene anali atangobereka. Zotsatira zimene zinaturuka mu 2021 zinaonetsa kuti kumene kunali nyumba zabwino, amayi akutali oculuka anaberekera ku cipatala, ndipo oculukanso anabwerera kukapimidwa m'masiku oyamba atabereka.

Wina wa m'tauni anganene kuti zimenezi n'za kumidzi. Koma ndi nyumba zingati za ku Kapata kapena ku Mchini zimene sizinalandirepo mlamu kapena mphwao wa mayi wocokera ku Chadiza, ku Vubwi kapena ku Chipangali, wobwera kudzadikira tsiku lace pafupi ndi cipatala cacikulu? Nyumba ya m'bale m'komboni ndiyo cidikiro cakale koposa. Banja lolandira mlendo wotere liyenera kuonetsetsa kuti wabwera ndi khadi lace, kuti wakaonekera ku kiliniki yapafupi atangofika, ndi kuti ndalama ya galimoto ya usiku yasungidwa padera. Kutaya magazi, mutu waukulu, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi kapena mwana kuleka kugunda m'mimba ndi zizindikiro zosadikira kuti kuce.

Masese a nkhumba ndi matenda akugwa

Kafukufuku wina amene wachukitsa cigawo cino kunja anayambira kwa madokotala a ziweto. Kum'mawa ndi cimodzi mwa zigawo zoweta nkhumba zambiri, ndipo aliyense amene anaphapo nkhumba ya kumudzi amadziwa timatuza toyera tonga mpunga timene timapezeka m'nyama ndi kunsi kwa lilime. Anthu amati masese. Profesa Isaac Phiri ndi Dr Kabemba Evans Mwape a ku sukulu ya madokotala a ziweto pa University of Zambia, mogwirizana ndi anzao a ku Antwerp ndi ku Ghent m'dziko la Belgium, akhala akutsatira masese amenewa kwa zaka zambiri m'midzi ya ku Katete, Sinda ndi Petauke.

Ulendo wa matendawa uli motere. Munthu akadya nyama ya masese yosapsa bwino, m'matumbo mwace mumakula njoka yaitali yaphanthi-phanthi. Njokayo imaturutsa mazira zikwi-zikwi m'cimbudzi ca munthuyo. Akadzithandiza kuthengo, nkhumba yoyenda yokha imadya, ndipo mazirawo amasanduka masese m'thupi mwace. Coopsa kwambiri cimacitika pamene mazira omwewo alowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba zosatsuka. Pamenepo masese amamera m'thupi la munthu, ndipo akafika mu ubongo amayambitsa khunyu, matenda aja akugwa. Ndiye kuti ngakhale munthu amene sadya nkhumba konse akhoza kudwala, ngati amene amamuphikira ali ndi njokayo.

Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO limati m'maiko mmene njokayi ndi yofala, pafupi-fupi anthu atatu mwa khumi alionse odwala khunyu amadwala cifukwa ca iyo. Kafukufuku wa Dr Mwape ndi anzao wosindikizidwa mu 2015, amene anajambula ubongo wa odwala khunyu a m'cigawo cino ndi makina ndi kupima magazi ao, anapeza zizindikiro za masese mwa oposa theka la odwalawo. Mabanja ambiri akhala akutaya mbuzi ndi ndalama kwa asing'anga, ndi kudana ndi acibale powaganizira ufiti, pa matenda amene gwero lace ndi cimbudzi ndi nkhumba.

Ofufuzawo anafunsanso funso limene madokotala kawiri-kawiri amaliiwala: nanga n'cifukwa ciani anthu sagwiritsa nchito zimbudzi? Ku Petauke anakhala pansi ndi magulu a amuna, a akazi ndi a ana padera-padera. Zimene anasindikiza mu 2015 zinaonetsa kuti anthu amadziwa ubwino wa cimbudzi, koma mwambo umalemera makamaka pa amuna. N'zamanyazi kuti bambo aonedwe ndi apongozi kapena ndi ana ace aakulu akulowa m'cimbudzi, ndipo thengo limabisa bwino kuposa kanyumba ka udzu koima pakati pa bwalo. Tsono amene amayembekezeredwa kukumba cimbudzi ndi bambo yemweyo amene safuna kuonedwa akulowamo. Nzeru yotere siipezeka mu labotale.

Kenaka anayesa kuona ngati matendawa angathetsedwe. Pa nchito yochedwa CYSTISTOP, m'dera la Nyembe ku Katete, kwa zaka pafupi-fupi ziwiri kuyambira mu 2016, anali kubwera pa miyezi inai iriyonse. Anthu anali kumwa mankhwala opha njoka, nkhumba zinali kulandira mankhwala ndi katemera, ndipo m'midzi ndi m'masukulu munali maphunziro. Kugawira anthu mankhwala kunadalira anchito a za umoyo a m'deralo ndi odzipereka a m'midzi, pakuti anthu samwa piritsi locokera kwa mlendo amene samudziwa. Pomaliza, nkhumba za m'deralo zimene zinapimidwa sizinapezeke ndi masese amoyo. Nkhaniyi inaturuka mu 2020 mu New England Journal of Medicine, limodzi mwa mabuku a madokotala olemekezeka koposa pa dziko lonse. Azambia angapo, madokotala a anthu ndi a ziweto omwe, apeza madigiri apamwamba kudzera m'nchito zofufuza njoka imeneyi.

Nyembe ndi dera limodzi cabe, ndipo nkhumba zimagulidwa ndi kugulitsidwa kudutsa malire a midzi. Zina zimathera pa mbaula za m'misika ndi pa mabala a m'Chipata. Wogula ayang'ane nyama asanalipire, ndipo ya masese aikane ngakhale itsike mtengo. Nyama ya nkhumba iphikidwe mpaka kufiira konse kutathe mkati. Munthu akagwa khunyu, acotsedwe pafupi ndi moto kapena madzi, agonekedwe cam'mbali, ndipo asaikidwe supuni kapena cala m'kamwa. Khunyu siyambukira mwa kugwira wodwala kapena malobvu ace, ndipo mankhwala oletsa kugwa amapezeka ku cipatala. Cofunika n'kumwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa.

Opita ndi obwera

Namwino wophunzira bwino amafunidwa paliponse, ndipo apa ndipo pagona bvuto. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, pamene malipiro anali ocepa ndipo mawodi anadzaza ndi odwala Edzi, anamwino anacoka m'dziko lino mwaunyinji. Pakati pa 2001 ndi 2005, anamwino a ku Zambia oposa 100 caka ciriconse anali kulembedwa m'kaundula wa anamwino wa ku Britain, osawerengera amene anapita ku Botswana, ku South Africa ndi kwina. Amene anali kupita anali aja odziwa nchito, masisita a m'mawodi ndi aphunzitsi a anamwino. Ena ambiri anamwalira ndi matenda omwewo amene anali kusamalira. Makiliniki ena a kumidzi anatsala m'manja mwa anchito osaphunzira unamwino.

Palibe angawadzudzule opitawo. Ambiri amanga nyumba kuno ndi kuphunzitsa abale ao ndi ndalama za kunjako. Koma mu 2010 maiko a m'bungwe la WHO anagwirizana pa malamulo a kalembedwe ka anchito a za umoyo ocokera ku maiko ena, ndipo mu 2023 Zambia inaikidwa pa mndandanda wa maiko 55 amene ali ndi anchito ocepa kwambiri kotero kuti maiko olemera sayenera kubwera kudzakopa anamwino ao. Mndandandawu suletsa namwino kudzifunira yekha nchito kunja.

Codabwitsa n'cakuti m'zaka zotsatira bvuto linatembenuka. Masukulu a unamwino anaculuka, ndipo acinyamata zikwi-zikwi anatsiriza maphunziro a zaka zitatu n'kukhala pakhomo, ena akugwira nchito yodzipereka m'zipatala popanda malipiro, pamene makiliniki ali ndi anamwino osakwanira. Cinali kusowa ndi ndalama za kuwalipira. Mu 2022, pamene nduna ya za umoyo inali mai Sylvia Masebo, boma linalemba nchito anthu 11,276 a za umoyo pa nthawi imodzi, ndipo ofunsira anali oculuka kowirikiza kangapo kuposa malo amene analipo. M'makomboni ambiri munali nthungululu tsiku limene maina anaturuka, ndipo m'nyumba zina munali misozi.

Kusintha kwina kwakukulu kunadza mu 2025. Mu Januwale boma latsopano la America linaimitsa thandizo lace la kunja, ndipo pofika mu Julayi bungwe la USAID linali litatsekedwa. Anamwino, alangizi a za HIV, olemba manambala ndi oyendetsa magalimoto amene anali kulipidwa ndi mabungwe odalira ndalamazo anauzidwa kuti aime. Mu Meyi caka comweco kazembe wa America, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lao lidzacotsa madola 50 miliyoni pa caka pa thandizo la mankhwala, ponena kuti mankhwala operekedwa kwaulere anali kubedwa ndi kugulitsidwa m'masitolo. Cenjezo lija la ofufuza a ku Columbia la mu 2014 linamveka ngati lalembedwa dzulo.

Pali cimodzi cimene cimatsala ndalama zikapita, ndico maphunziro amene ali m'mutu mwa wanchito wa boma. N'cifukwa cace maphunziro ozama a anchito amene ali kale m'zipatala ali ofunika. Kuyambira mu 2014 dziko lino lakhala likuphunzitsa anchito a za umoyo luso lofufuza miliri: kuwerenga odwala, kutsatira kumene matenda ayambira ndi kudziwitsa akulu-akulu msanga. Luso lotere ndilo limafunika pa nthawi ngati ya mu Januwale 2023, pamene kolera inabuka ku Vubwi, kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique. Namwino wa pa kiliniki yaing'ono amene waona anthu atatu otsegula m'mimba tsiku limodzi, nazindikira kuti si zacizolowezi, amapulumutsa anthu oculuka kuposa amene angakwane m'wodi mwace.

Ofufuza akagogoda pakhomo

Nchito zofufuza zikali kubwera, ndipo sizicitika kumidzi kokha. Tsiku lina anthu onyamula mapepala kapena kakompyuta ka m'manja akhoza kuodira pakhomo ku Kalongwezi kapena ku Nabvutika, kupempha kufunsa mafunso kapena kutenga magazi pang'ono. M'madera ambiri a dziko lino anthu otere athamangitsidwapo cifukwa ca mphekesera zakuti magaziwo akupita kwa a satana. Mantha otere amakula pamene anthu safotokozeredwa bwino, ndipo ofufuza ena akale anali kutenga zimene afuna n'kupita osabweranso kudzanena cimene anapeza.

Lamulo la 2013 la kafukufuku wa za umoyo linakhazikitsa bungwe la National Health Research Authority. Kafukufuku aliyense wokhudza anthu ayenera kuyamba wabvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otengako mbali, monga ya ku University of Zambia, ndiponso ndi bungwe limeneli. Magazi kapena cina ciriconse cotengedwa m'thupi la munthu siciloledwa kuturuka m'dziko popanda cilolezo. Ofufuza oona amadzeranso ku ofesi ya za umoyo ya boma, ndipo namwino wa pa kiliniki yapafupi amakhala akudziwa za kubwera kwao. Amene akukayika akhoza kukafunsa kumeneko asanayankhe kanthu.

Mwini nyumba ali ndi ufulu wowerengeredwa pepala la cilolezo m'Cinyanja, ndi kufunsa kuti kafukufukuyo ndi wa ciani, magazi apita kuti, ndipo zotsatira zidzabwera liti. Akhoza kukana, kapena kubvomera lero n'kudzaleka mawa, ndipo zimenezi sizisintha thandizo limene amalandira ku kiliniki. Mwana wamng'ono salowetsedwa popanda kholo kapena womulera kubvomereza. Dzina la munthu siliyenera kuonekera m'zolembedwa zimene zidzaturuke.

Wobvomera amasaina kapena kudinda cala, ndipo amapatsidwa pepala lace-lace lotsala nalo. Pa pepalapo pamakhala dzina ndi nambala ya lamya ya mkulu wa kafukufukuyo ndi ya komiti imene inamubvomereza. Lisungidwe pamodzi ndi makhadi a ku sikelo, kuti ngati padzakhala bvuto kapena funso anchito aja atasamuka, banja lidzadziwe koyambira.